Cheniso Yakale Ikamakana Kulira: Muyambire Pati?

Cheniso ikakalamba siifa tsiku limodzi. Imayamba kufuna kukokedwa kasanu pomwe kale inkalira mukangokoka kawiri, kenako kakhumi, mpaka m'mawa wina mumakoka chingwe thukuta kamukamu, iyo ili duu. Kaya yanu ndi Stihl 070 yolemera ija, 038, MS 381, Husqvarna 61 kapena 272XP, ngakhale aja ochokera ku China olembedwa 5200 ndi 5800, mkati mwake muli injini ya 2-stroke yogwira ntchito mofanana. Kuti ilire imafuna zinthu zinayi: petulo wosakanizidwa bwino ndi oyilo, mpweya, moto pa pulagi, ndi kompuresheni (kupanikizika kwa mpweya m'silinda). Ntchito yanu ndi kupeza chomwe chasowa pa zinayizi, osati kumasula chilichonse chomwe chili ndi bawuti.

Macheniso ambiri saphedwa ndi vuto loyambalo, amaphedwa ndi sikuludiraiva. Munthu akangoona kuti makina akana, amathamangira timasikuluu ta kabuleta (kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya), kupotokola uku, kupotokola uko, ndiye pomwe panali vuto limodzi pakhala awiri, komanso sakukumbuka kuti tinali pati. Timasikuluu timeneti sitidzipotokola tokha. Ngati cheniso inkalira bwino mwezi watha tili pomwepo, chasintha ndi china. Tisiyeni kaye, tifikako.

Konzani sipanala ya pulagi, sikuludiraiva yaing'ono, waya wopindidwa kunsonga, botolo loonekera mkati, tochi, kansalu koyera ndi pulagi imodzi yatsopano. Zimenezi zikwanira pa ntchito yambiri ili m'munsimu.

Choyamba, muilize moyenera

Zingamveke ngati chipongwe kuuza munthu amene wacheka matabwa zaka zambiri mmene angalizire cheniso, koma yokalamba sikhululuka zomwe inkakhululuka ili yatsopano.

Iikeni pansi posalala, mamita atatu kuchokera pomwe mwathirira petulo, tcheni chisakhudze dothi kapena nthambi. Ngati ili ndi buleki ya tcheni, ikankhireni kutsogolo. Phazi lamanja liponde m'chogwirira chakumbuyo, dzanja lamanzere ligwire chakutsogolo. Zoilizira m'malere, dzanja lina likukoka chingwe lina likuponya cheniso pansi, n'zimene zimang'amba anthu ntchafu, ndipo munthu wotopa ndi kukoka ndi amene amalakwitsa msanga.

Pa Stihl ngati 038 ndi MS 381 pali liva imodzi yogwira ntchito zonse. Finyani tiriga (kofinya powonjezera liwiro), n'kukankhira livayo pansi penipeni: pamenepo choki, chotsekera mpweya wolowa m'kabuleta, chatseka. Pa Husqvarna choki mumachikokera kunja ndipo switchi ili payokha. Onetsetsani kuti sili pozimitsa. Ngati pasilinda pali kabatani kochepetsa kompuresheni, kadineni. Ngati pali kamphira kofinya kokokera petulo, kafinyeni mpaka muone petulo mkati mwake. Kokani chingwe pang'onopang'ono mpaka mumve chagwira, kenako mukoke mwamphamvu komanso mwachangu, osachitulutsa chonse.

Tcherani khutu. Injini itsokomola kamodzi, ngati ikufuna kulira n'kuleka. Pomwepo chotsani choki: pa Stihl kwezani liva kamodzi kokha, pa Husqvarna kankhirani choki mkati. Kokaninso, ilira. Ikangolira gundani tiriga kuti liwiro litsike, chifukwa ikathamanga buleki ili yotseka imawotcha kalachi.

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezera. Cheniso yakale imatsokomola motsitsa, moti ngati pafupi pakulira ina simungamve. Munthu amangokokabe choki chili chotseka, injini n'kukhuta petulo. Mukakoka kasanu kapena kasanu ndi kamodzi osamva kanthu, chotsani choki basi, mukoke chotsegula. Injini yotentha, imene mwangoizimitsa kumene, siifuna choki.

Ngati chingwe chikungobwera chopepuka osatembenuza injini, vuto lili m'chivundikiro cha sitata: timano tapulasitiki togwira flywheel (gudumu la mapiko ndi maginito lozungulira ndi injini) tatha kapena kasipuling'i kake kaduka. Imeneyo ndi ntchito yaing'ono.

Chachiwiri, yesani mphamvu ya injini musanagule kanthu

Switchi ili pozimitsa, kabatani kochepetsa kompuresheni musanakadine, nyamulani cheniso pogwira chogwirira cha chingwe chokha. Yathanzi imalendewera, kapena imatsika pang'onopang'ono, kuima, kutsikanso, kuima. Ikangotsetsereka mpaka chingwe chonse kutha popanda chogwira, kompuresheni yapita, ndipo ndalama za pulagi ndi zida za kabuleta zingopita pachabe. Pa cheniso yolemera ngati 070, yoposa makilogalamu 10, kuyesa kumeneku sikulondola kwenikweni, komabe dzanja limamva kusiyana kwa injini yokankha ndi yofooka. Amene ali ndi geji aone manambala: yathanzi imasonyeza cha m'ma 130 mpaka 160 psi, ndipo ikatsikira cha ku 100 kuiliza kumakhala nkhondo. Ngati yanu yalephera apa, dumphani mupite ku gawo la pisitoni kumapeto.

Chachitatu, funsani pulagi

Pulagi ndiye mboni, chifukwa imakhala m'kati momwe moto umayakira. Tsekani choki, kokani kasanu, pukutani utuchi wozungulira pulagi kuti usagwere m'silinda, n'kuimasula. Yang'anani kunsonga kwake.

Ikatuluka yonyowa, ikununkha petulo, ndiye kuti petulo akufika koma sakuyaka: mwina wachuluka, mwina moto palibe. Ikatuluka youma gwa mutakoka chonsecho, petulo sakufika. Njira ziwirizi n'zosiyana, ndipo kudziwa yomwe muli kumakupulumutsani ku theka la ntchito.

Mtundu wake nawo umanena mmene injini yakhala ikuyendera. Yofiirira pang'ono, youma bwino, ndi injini yomwe ikudya moyenera. Yakuda bii, yamwaye, ikusonyeza petulo wochuluka, oyilo wochuluka kapena fyuluta ya mpweya yotsekeka. Yoyera mbee, makamaka ngati ili ndi timadontho totuwa ta chitsulo chosungunuka, ndi chenjezo loopsa: injini yakhala ikuyenda ndi njala ya petulo ndipo yatentha mopitirira. Imeneyo musaikakamize kulira musanaone pisitoni.

Pulagi ikakhala yonyowa

Yambani ndi kuchotsa petulo wochulukayo. Switchi pozimitsa, pulagi ili kunja, choki chotsegula, tembenuzani cheniso kuti bowo la pulagi liloze pansi, finyani tiriga n'kukoka chingwe kakhumi kapena kuposerapo. Mudzaona nkhungu ya petulo ikutuluka, nthawi zina madontho enieni. Pukutani pulagi, iume padzuwa. Osaiwotcha ndi machesi pambali pa cheniso yonyowa petulo. Bwezeretsani, ikani liva pamalo oliza injini yotentha, popanda choki, n'kukoka. Ingafune kukokedwa kangapo ndipo ikalira ifuka utsi wambiri kwa kanthawi. Ngati yalira bwino n'kupitiriza ntchito, vuto linali kalizidwe basi.

Ikakanabe, yesani moto. Pukutani petulo yense amene watayikira. Lowetsani pulagi m'chipewa chake, gunditsani mazinga ake pachitsulo cha silinda kutali ndi bowo la pulagi, yatsani switchi, n'kukoka mwamphamvu. Chitani zimenezi pamthunzi, chifukwa padzuwa simungaone. Moto wabwino ndi wabuluu ndipo umamveka kuti thethe. Wachikasu, wofooka, wobwera mwa apo ndi apo, ndi wokayikitsa. Dziwaninso kuti pulagi yotopa imatha kuonetsa moto panja koma n'kulephera m'kati momwe mpweya wapanikizika, n'chifukwa chake kuyesa kotsika mtengo kuposa kwina kulikonse ndi kuika pulagi yatsopano. Ambiri mwa macheniso tatchulawa amagwiritsa NGK BPMR7A, Bosch WSR6F kapena Champion RCJ7Y, ndipo mpata wa kunsonga kwake ukhale 0.5 mm. Gulani kwa wogulitsa amene mumamudalira, pakuti pamsika mapulagi achinyengo ovala mayina omwewa aliponso.

Pulagi yatsopano ikapanda kuonetsa moto, musafulumire kuweruza koyilo, kachipangizo kopanga moto wa pulagi. Chotsani chivundikiro cha sitata, mupeze kawaya kakang'ono kochoka pakoyilo kupita kuswitchi, mukazule pakoyilopo, n'kuyesanso. Moto ukabwera, koyilo ilibe mlandu: kawayako kanyuka penapake n'kumagunda chitsulo, kapena switchi yafa. Kumbukirani kuti kawayaka kakazulidwa switchi siingazimitse injini. Mukailiza chomwecho, muizimitsa potseka choki. Onaninso m'chipewa cha pulagi. Muli kasipuling'i kamene kamabaya waya wamkulu, ndipo kakachita dzimbiri kapena kusolokako moto umathera pomwepo.

Kenako mpata wa pakati pa koyilo ndi flywheel. Uyenera kukhala 0.2 mpaka 0.3 mm. Ngati mulibe choyezera, kakhadi kapepala kolimba kaja anthu amalembapo dzina ndi nambala ya bizinesi kamakwanira. Masulani pang'ono mabawuti awiri a koyilo, lowetsani kakhadiko pakati, tembenuzani flywheel mpaka maginito ake akoke koyilo, mangani mabawuti, n'kusolola kakhadi. Zonsezi zikakhala bwino koma moto osabwera, apo ndiye gulani koyilo.

Pali vuto lina lobisala: moto ulipo wabwinobwino, koma cheniso ikumakutsomphola chingwe m'manja kapena ikuphulika kuekizozi osalira. Kawirikawiri kakiyi kogwira flywheel pashafuti kameteka, flywheel yasuntha pang'ono, ndiye moto ukubwera nthawi yolakwika. Zimachitika tcheni chikaima mwadzidzidzi injini ili paliwiro, kapena nati ya flywheel ikakhala yosamangika bwino. Macheniso akale kwambiri, ngati Stihl 08S, 041 ndi ma 070 oyambirira, ali ndi mapointi (tizitsulo totsegula ndi kutseka magetsi a moto) ndi kondensa pansi pa flywheel. Mapointi amafuna kupalidwa pang'ono ndi kupatsidwa mpata wa cha pa 0.4 mm. Kuchotsa flywheel kumafuna chida chake. Osaimenya ndi hamala, imapinda shafuti.

Ngati moto uli bwino koma injini ikungokhuta petulo nthawi zonse ngakhale mukuiliza moyenera, kapena mukupeza petulo akudontha kukamwa kwa kabuleta, kasingano ka m'kabuleta, kotseka njira ya petulo, sikakutseka. Za kameneka zili kutsogoloku.

Pulagi ikakhala youma

Thirani petulo wosakaniza ndi oyilo pang'ono, osapitirira theka la sipuni yaing'ono, m'bowo la pulagi. Mangani pulagi, choki chotsegula, kokani. Ikalira masekondi awiri kapena atatu n'kuzima, sangalalani: moto ulipo, kompuresheni ilipo, vuto lili panjira ya petulo. Tsopano muiyende njirayo kuyambira kuthanki, osati kuyambira kukabuleta.

Petulo weniweniyo ndiye woyamba kumukayikira, ndipo pa cheniso yomwe yakhala miyezi osagwira ntchito ndiye amapezeka wolakwa kawirikawiri. Khuthulirani zonse za m'thanki m'botolo loonekera, lisiyeni kanthawi pamalo osagwedezeka, muliyang'ane kudzuwa. Madzi amakhala pansi, mzere wake ukuoneka bwinobwino. Utuchi ndi mchenga nazo zimadikha. Nunkhizani: petulo watsopano amalasa mphuno, wakale amanunkha mowawasa ngati vanishi ndipo amada mtundu. Petulo akakhalitsa, mbali yake yomwe imayaka msanga imauluka, n'kutsala yolemera imene injini yozizira singaiyatse, komanso imasiya zomatamata m'timabowo ta kabuleta.

Kwa ife kuno nkhaniyi ili ndi mbali ina. Kuyambira 1982 petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa ndipo pambuyo pake ku Chikwawa nakonso. Galimoto zimayenda naye bwino, koma ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo amaumitsa kapena kufewetsa mapaipi ndi mphira za makina amene anapangidwa kale. Mabuku a Stihl amachenjeza kuti petulo wokhala ndi ethanol woposa 10 peresenti angavutitse injini za kabuleta yotchera pamanja, ndipo amalangiza kuti petulo wosakaniza asasungidwe kupitirira masiku 30. M'nyengo ya dzinja, chigubu chosatseka bwino chili m'msasa wa m'nkhalango, masiku 30 amenewo ndi ambiri kale. Onjezanipo mafuta a m'zigubu omwe timagula pamsewu nthawi ya kusowa kwa mafuta, amene simudziwa kuti akhala nthawi yaitali bwanji kapena athiridwamo chiyani. Ngati simungachitire mwina, asefeni pakansalu koyera ndipo muwaone kaye m'botolo.

Kasakanizidwe nako kasakhale kongoyerekeza ndi maso. Ndi oyilo wabwino wa 2-stroke wa makina ozizira ndi mpweya, muyezo ndi 50:1, kutanthauza 20 ml pa lita imodzi, kapena 100 ml pa chigubu cha malita 5. Mabuku a macheniso akale, ndi a ambiri ochokera ku China, amanena 25:1, yomwe ndi 40 ml pa lita. Tsatirani zomwe buku la cheniso yanu ndi botolo la oyilo zikunena. Sirinji ya 20 ml ya kufamase imathetsa mkangano wonse. Oyilo wa galimoto ayi. Oyilo wa injini za maboti, amene amapezeka mosavuta ku Mangochi, ku Nkhotakota kapena ku Nkhata Bay, nayenso ayi, ngakhale palembedwa 2-stroke: anapangidwira injini zozizira ndi madzi, zomwe sizitentha ngati cheniso. Ndipo maganizo akuti kuthira oyilo wambiri ndi kuikonda injini ndi amene amadetsa pulagi ndi kutseka ekizozi.

Thirani petulo watsopano, yesaninso. Ikakana, pitirirani.

Thanki imapuma kudzera pa kavavu kakang'ono. Kakatsekeka ndi utuchi, petulo akamachepa m'thanki mpweya sulowa, ndiye kabuleta imalephera kukoka. Chizindikiro chake n'chakuti cheniso imalira mphindi zingapo n'kufooka, ndipo mukatsegula chitsekero cha thanki mumamva kuti fyuu, kenako imaliranso. Kayeretseni kapena kasintheni.

Ndi waya wopinda uja, kolani paipi ya m'thanki muitulutsire pakamwa. Kunsonga kwake kuli fyuluta ya petulo. Ikakhala yakuda, yolimba kapena yomata, sinthani; ndi yotsika mtengo ndipo kuichapa sikuibwezera mwakale. Nthawi zina mudzapeza fyulutayo yagwera m'thanki payokha, paipi itaduka. Musayendetse cheniso popanda fyuluta ngakhale tsiku limodzi, chifukwa zonse zomwe ikanagwira zikathera m'kabuleta.

Paipiyo ipindeni ndi zala mukuiunika ndi tochi. Ming'alu imakonda kubisala pomwe paipi ikutulukira m'thanki ndi pomwe ikulowera kukabuleta. Ikakhala yolimba kapena yofewa monanda, nthawi yake yatha. Mng'alu wosaoneka bwino n'komwe ndi wokwanira kuti kabuleta izikoka mpweya m'malo mwa petulo.

Pali kapaipi kena komwe ambiri sakadziwa. Cheniso ilibe pampu yamagetsi. Pisitoni ikamakwera ndi kutsika, mpweya wa pansi pake umakankha ndi kukoka, ndipo kugunda kumeneku kumadutsa m'kapaipi kakafupi kupita kukabuleta, komwe kumagwedeza diaphragm (kamphira kopyapyala) yopopa petulo. Kapaipika kakang'aluka kapena kusoloka, kabuleta ingakhale yatsopano koma petulo sakwera. Pa Stihl zambiri ndi kapaipi kamphira koonekera kuseri kwa kabuleta. Pa macheniso ena ndi kabowo kodutsa m'chipika chomwe kabuleta imakhalapo, ndipo gasiketi yoikidwa chozondoka imakatseka.

Mpweya wolowa ndi utsi wotuluka

Izi n'zachangu. Tsekani choki kuti zinyalala zisagwere m'kati, chotsani fyuluta ya mpweya, muichape m'madzi ofunda a sopo ngati ili ya sefa yanayiloni, iume kaye musanaibwezere. Amene amacheka matabwa motsata msempha wa mtengo amadziwa kuti utuchi wake ndi wosalala ndipo umatseka fyuluta msanga, makamaka wa paini wokhala ndi utomoni.

Kuekizozi, macheniso ena ali ndi kasefa kawaya kogwira nthethe za moto. Kakadzaza mwaye injini imalephera kupuma: imalira movutikira, n'kuzima mukangofinya tiriga. Kachotseni mukapale ndi bulashi yawaya. Ngati cheniso yakhala pakhonde kapena m'nkhokwe miyezi ingapo, suzumirani pakamwa pa ekizozi ndi tochi. Mavu omanga ndi dothi amakonda bowo limeneli, ndipo kanyumba kawo kamodzi kamatseka ndithu.

Tsopano kabuleta

Mukafika pano mutayesa zonse zapitazo, ndiye kuti muli ndi chifukwa choitsegulira. Pathupi pake padindidwa dzina, kawirikawiri Walbro, Zama kapena Tillotson, ndi nambala. Zida zosinthira mugule potengera nambala imeneyo, osati dzina la cheniso, chifukwa cheniso za mtundu umodzi zimatha kukhala ndi makabuleta osiyana.

Yalani kansalu koyera patebulo, osati paudzu. Jambulani ndi foni pa sitepe iliyonse. Musanamasule timasikuluu ta H (ya petulo wa pa liwiro lalikulu) ndi L (ya pa liwiro lochepa), tipotokoleni mofatsa kulowa m'kati mukuwerenga kuti tazungulira kangati mpaka titaima, mulembe. Osatimanga mwamphamvu, nsonga zake zimawononga pokhalira.

Kabuleta ili ndi zivundikiro ziwiri. Pansi pa china pali diaphragm yopopa petulo, yokhala ndi timalilime tiwiri, ndi kasefa kozungulira kakang'ono kwambiri kamene nthawi zambiri mudzakapeza katadzaza utuchi wosalala. Pansi pa chinzake pali diaphragm yoyeza petulo, yokhala ndi kachitsulo kozungulira pakati. Imeneyi igwireni ndi zala. Yabwino ndi yofewa, imagonja mukaikankha pang'ono. Yotha imakhala yokwinyika, youma, yochita phokoso mukaipinda ngati khoko la chimanga la m'mwezi wa Okutobala. Diaphragm yotere singakankhe kachitsulo kotsegula singano, ndipo pa macheniso akale ovuta kulira ndi yomwe imapezeka yolakwa kawirikawiri kuposa china chilichonse m'kabuleta.

Pansi pake pali kasingano, kachitsulo kokanyamula ndi kasipuling'i. Phimbani ndi chala pomasula, chifukwa kasipuling'iko kakadumpha simudzakaonanso. Nsonga ya kasingano ikakhala ndi mzere wodyeka, ndiye gwero la kukhuta petulo kuja. Kachitsulo kokanyamula musakapinde mwachisawawa; kutalika kwake kunayezedwa. Tsukani thupi la kabuleta ndi mankhwala otsukira kabuleta kapena petulo woyera. Osalowetsa waya kapena singano yosokera m'timabowo, ndipo osapopera mphepo yamphamvu ya kompuresa, imaphulitsa kavavu kam'kati komwe sikasinthika mosavuta.

Pobwezera, dongosolo lake ndi losiyana mbali ziwirizi, ndipo apa ndi pomwe anthu amasokoneza. Kumbali yopopa, diaphragm ndiye imagona pathupi la kabuleta, gasiketi pamwamba pake, kenako chivundikiro. Kumbali yoyeza, gasiketi ndiye imayamba, diaphragm pamwamba.

Potchera, bwezerani H ndi L pomwe munalemba paja. Ngati wina anazisokoneza kale, pa macheniso akale ambiri poyambira pake ndi kuzungulira kamodzi kutuluka kuchokera pomwe sikuluu yaima. Ena analemba muyezo wawo pachivundikiro, tsatirani umenewo. Ngati timasikuluu tili ndi tizipewa tapulasitiki toletsa kuzungulira kwambiri, musatikakamize. Fyuluta ya mpweya ikhale yoyera ndi yomangidwa, bala (chitsulo chomwe tcheni chimayendapo) ndi tcheni zili pamalo pake. Lizani, itenthe kwa mphindi zingapo.

Sikuluu yachitatu, yolembedwa LA pa Stihl ndi T pa Husqvarna, ndi ya liwiro la injini ikamalira payokha. Itchereni kuti injini isazime koma tcheni chisayende. Kenako finyani tiriga mwadzidzidzi. Ikazengereza kapena kufuna kuzima, L ikupereka petulo wochepa: itulutseni pang'ono, mobwerera kumanzere. Ikamalira molemera, ikufuka, n'kumazima ikasiyidwa payokha, ilowetseni pang'ono. Pang'ono pake ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a kuzungulira, n'kumvetsera musanawonjezere.

H ndiye yoopsa. Mukafinya tiriga yonse tcheni chili m'malere, kwa masekondi ochepa okha, injini iyenera kumveka yokhakhala pang'ono, ngati ikudumphitsa, ndipo kukhakhalako kuzitha bala ikangolowa mumtengo. Ikamalira mosalala mokuwa kwambiri ili m'malere, anyamata amakondwa kuti yapsa mtima, koma imeneyo ndi njala ya petulo. Popeza oyilo amabwera limodzi ndi petulo, ndi njala ya oyilonso, ndipo pisitoni singapirire nthawi yaitali. Ndi bwino H ikhale yotulukirako pang'ono kusiyana ndi yolowa kwambiri.

Malo nawo amasintha katcheredwe. Ku Chikangawa, ku Dedza kapena pamwamba pa phiri la Zomba muli pamtunda wa mamita oposa 1,500, komwe mpweya ndi wopepuka ndipo injini imafuna petulo wocheperako. Cheniso yotcheredwa ku Salima ikakwera kumeneko imalira molemera, imadetsa pulagi, ndipo m'mawa wozizira wa Juni imakhuta msanga. Zimenezo n'zotopetsa chabe. Choopsa ndi ulendo wobwerera: yotcheredwa kumapiri ikatsikira kunyanja, kapena ku Nsanje komwe sikufika n'komwe mamita 100, imapeza mpweya wambiri pa petulo yemweyo, n'kuyamba kuyenda ndi njala. Mukasamuka chotero, imvetsereni H musanayambe ntchito.

Pamene kabuleta ikukana kutcheredwa

Mwasintha zida, mwatchera, koma liwiro likumakwera lokha, tcheni chikuyenda osagwira tiriga, kalilidwe kakusintha mukaigoneka cham'mbali, kapena ikufuna kuti L ituluke kwambiri kuti ingolira. Siyani pomwepo. Injini ikuba mpweya penapake: pa mphira yolumikiza kabuleta ndi silinda, pa gasiketi ya pansi pa silinda, kapena pa masilo (mphira zotseka mpweya) a mbali ziwiri za shafuti. Mphirayo mungathe kuiona nokha poipinda ndi kuiunika, ming'alu imabisala m'makwinya. Masilo amafuna makaniko wokhala ndi kapampu koyezera, amene amatseka polowera ndi potulukira, n'kupopa mpweya cha pa 0.5 bar, kenako kuukoka, kuona ngati singano ya geji ikutsika. Makaniko amene akufuna kuthetsa vuto limeneli pongotsegulira timasikuluu akungobisa matenda.

Pisitoni

Masulani ekizozi, muunike ndi tochi pabowo la silinda, mukukoka chingwe pang'onopang'ono kuti pisitoni idutse. Yabwino ndi yosalala, timizere ta pafakitale topingasa tikuonekabe, ndipo ringi imagonja pang'ono mukaikankha ndi kamtengo. Mukaona mikwingwirima yotsika kuchokera pamwamba, kapena ringi itamatirira m'ngalande yake, injini inatenthapo mpaka kugwira.

Ngati pisitoni ndi yosalala koma kompuresheni ndi yochepa, maringi atsopano okha amatha kuibweza. Ngati yakalika, onani silinda. Nthawi zambiri zooneka ngati mikwingwirima m'silinda ndi zitsulo za pisitoni zomatirira pamwamba, ndipo makaniko wodekha amazichotsa n'kuipulumutsa. Koma chikhadabo chikamakodwa m'ngalande yodutsa chikuto cholimba cham'kati, silindayo yatha. Pa Stihl kapena Husqvarna yeniyeni, silinda yake yoyambirira yopulumutsidwa imaposa zambiri zotchipa zogulitsidwa m'malo mwake, choncho musafulumire kuitaya. Ndipo musanamange pisitoni yatsopano, pezani chomwe chinapha yakaleyo: petulo wopanda oyilo, H yolowa kwambiri, kapena kuba mpweya. Mukapanda kutero yatsopanoyo itsatira mnzake.

Yolira m'mawa, yokana masana

Ina imalira bwinobwino ikazizira, koma mukaizimitsa kuti muthire petulo imakana mpaka itapuma. Yesani moto nthawi yomweyo idakali yotentha. Ukasowa, n'kubweranso injini ikazizira, koyilo ikufa ndi kutentha ndipo palibe mankhwala ena koma kuisintha. Moto ukakhalapo, tsegulani thanki mumve ngati ipuma, ndipo muone zipsepse za silinda ndi mapiko a flywheel: zikamatidwa ndi utuchi wosakanikirana ndi oyilo, injini siizizira, petulo amawira m'kabuleta. Palani ndi kamtengo. Kucheka matabwa kumayendetsa injini pa liwiro lonse nthawi yaitali kuposa kugwetsa mitengo, choncho mukamaliza mzere wautali musazimitse nthawi yomweyo. Isiyeni ilire payokha kanthawi kuti mphepo ichotse kutentha. Maringi otopa nawo amaonekera kwambiri injini ikatentha.

Cheniso ikamakakhala kupitirira mwezi osagwira ntchito, khuthulani thanki, muilize payokha osafinya tiriga mpaka izime yokha, kuti m'kabuleta musatsale petulo woumitsa ma diaphragm. Chotsani pulagi, donthezani oyilo wa 2-stroke pang'ono m'silinda, kokani chingwe kawiri kapena katatu pang'onopang'ono, bwezerani pulagi, n'kutseka pakamwa pa ekizozi ndi kansanza kuti mavu asamangemo.